Alenje a nkhandwe anabwera ndi agalu kusukulu ya mwana wanga, ndikadandaule?

Mayi a Tadala:
Madzulo abwino nonse. Pepani ndilemba zazitali, nkhaniyi yandisowetsa tulo. Tadala wanga ali ndi zaka 7, amaphunzira pa kasukulu ka pulaimale m'mudzi wina kuno ku Leicestershire. Lachisanu wafika pakhomo juzi ili ubweya wokhawokha, akununkha galu, chimwemwe chili m'tsaya, akuti "amami, lero kusukulu kunabwera agalu ambiri!" Ine ndimayesa ndi agalu aja otsogolera anthu osaona. Potsegula chikwama ndapeza pepala la chithunzi cha bambo wovala jekete yofiira ali pa kavalo, agalu atamuzungulira, mwana walipenta bwinobwino ndi makrayoni. Kuseri kwake alemba kuti mabanja onse abwere pa 26 Disembala kudzaonerera alenje akamanyamuka pabwalo la pakati pa mudzi. Akuti alenjewo anawaimbira lipenga, anawalola kusisita agalu, ndipo anawauza kuti nkhandwe ndi mbala ya nkhuku ndi ana a nkhosa. Ife makolo palibe amene anatifunsa. Chonsecho mwana kuti apite ku laibulale ya pompano timachita kusainira kalata. Ndikalankhule ndi ahedi kapena ndikukulitsa nkhani?

Bambo a Yami:
Mayi, ine ndinganene kuti zisiyeni. Kwa eni kulibe mkuwe. Ndi mwambo wawo, anayamba makolo awo ife tisanabadwe. M'midzi yaing'ono ngati imeneyo aliyense amadziwana, mwina eni nyumba imene mukukhalamo ndi omwewo okwera akavalowo. Tabwera kudzagwira ntchito ndi kuphunzitsa ana, osati kudzayambana ndi anthu chifukwa cha nkhandwe.

Chikondi wa ku Glasgow:
Dikirani kaye, kodi si zoletsedwa zimenezi? Ine ndimadziwa kuti kusaka nkhandwe ndi agalu kunatha kalekale.

Bambo Mbewe:
Ana anga, nkhaniyi ndinaiona ndi maso, ndinali kale kuno ikamatentha. Mu Seputembala 2002 anthu pafupifupi 400,000 anadzaza misewu ya London kukana kuti boma liletse ulenjewu. Anawasonkhanitsa a Countryside Alliance, bungwe lolankhulira za kumidzi ndi za ulenje. Ndimakumbukira mabasi odzaza anthu a zipewa za kumunda ndi nsapato za matope. Patapita zaka ziwiri, mu Seputembala 2004, anyamata ena analowa mpaka m'chipinda chimene aphungu amakambirana, mkangano uli mkati. A House of Lords, nyumba yachiwiri ya malamulo, anakana lamulo loletsalo mobwerezabwereza, mpaka boma la Tony Blair linachita kugwiritsa ntchito Parliament Act kuti lamulo lidutse popanda iwo. Ndiyo Hunting Act 2004, inayamba kugwira ntchito pa 18 Febuluwale 2005 ku England ndi ku Wales.

Tsono Chikondi, chimene chinaletsedwa ndi kuthamangitsa nyama ya m'tchire ndi gulu la agalu. Magulu a alenjewo sanathe ayi. Agalu alipo, akavalo alipo, majekete ofiira alipo. Amati tsopano amachita trail hunting: munthu amatsogola akukoka kansanza konyika mu fungo, agalu n'kumalondola fungolo. Vuto n'lakuti fungolo nthawi zambiri limakhala la nkhandwe yomweyo, ndipo amalidutsitsa kumene nkhandwe zimakhala. Galu akapeza fungo la nkhandwe yamoyo adziwa bwanji kuti ili si lija la kansanza? Ikaphedwa amati ndi ngozi. Ndipo ngakhale wina apezeke wolakwa kukhoti, chilango ndi chindapusa basi, ndende palibe.

Chikondi wa ku Glasgow:
Zikomo agogo. Kuno ku Scotland anayamba kuletsa mu 2002, koma anthu ankazembera, ndiye mu 2023 anabweretsa lamulo lina. Pano popanda chilolezo chapadera supitirira agalu awiri, ndipo trail hunting anailetseratu. Ndiye ndimayesa n'chimodzimodzi konsekonse.

Limbani:
Kuno ku Northern Ireland ndi zololedwa mpaka pano. Bilu yoletsa inagwa ku Stormont, nyumba ya malamulo ya kuno, mu Disembala 2021. Dziko limodzi, malamulo atatu.

A Phiri a ku Hereford:
Ndiloleni ndilankhuleko ngati munthu wogwira ntchito pa famu. Inu a m'tauni mumaiona nkhandwe ikufufuza m'mabini n'kumati kanyama kokongola. Ine ndili chaka chachinayi pa famu ya nkhosa. Nyengo yoswa, Malichi ndi Epulo, timagona maola atatu. Tsiku lina m'mamawa ndinapeza kamwana ka nkhosa kamene ndinachita kukoka ndi manja anga usiku wake, katatsala mutu ndi miyendo iwiri, make akulira m'mbali mwa mpanda. Nkhuku za mayi a pa famupo zinaphedwa 9 usiku umodzi, yotengedwa inali imodzi yokha. Ndiye akamauza ana kuti nkhandwe imaba, sakunama. Ana a kumudzi ayenera kudziwa kuti chakudya sichimera m'sitolo ya Tesco.

Mayi a Tadala:
A Phiri, sindikukana zimenezo. Inenso ndinakulira ku Ntcheu, ndikudziwa kulira kwa amayi anga fisi atalowa m'khola la mbuzi. Koma tamvani ichi. Kuseri kwa nyumba yathu kumabwera nkhandwe ina, yowonda, khutu limodzi long'ambika. Ndikamachokera ku ntchito ya usiku cha m'ma 6 koloko ndimaipeza itakhala pa udzu. Tadala wakhala akudzuka msanga dala kuti aione pa windo, mphuno atakanikiza pa galasi, anaipatsa mpaka dzina. Loweruka m'mawa waiona n'kundiuza kuti "amami, tiitane agalu aja abwere aigwire." Ndamufunsa kuti akaigwira aitani? Wayankha kuti "aibweza kutchire." Mwana sakudziwa. Amuonetsa jekete, lipenga ndi agalu ogwedeza michira, koma mapeto ake sanamuuze. Chandipweteka n'chimenecho. Ngati akuona kuti mapetowo ndi oopsa kuuza mwana wa zaka 7, n'chifukwa chiyani akumukokera ku chiyambi chake?

Anti Grace:
Mayi a Tadala, mwagunda pamene pali nkhani. Ine ndimathandizira aphunzitsi m'kalasi kuno ku Nottingham, chaka cha 11 tsopano, ndiye ndikuuzeni mmene zimayendera mkatimu.

Mlendo aliyense wobwera kudzalankhula ndi ana amavomerezedwa ndi ahedi. Ndipo pali lamulo, Education Act 1996, ndime 406 ndi 407. Ndime yoyambayo imaletsa sukulu kukopa ana kuti atsate mbali imodzi pa nkhani za ndale. Yachiwiriyo imati nkhani yotere ikabwera pamaso pa ana, ayenera kumva mbali zonse mosakondera. Mu 2022 unduna wa maphunziro unatulutsanso malangizo pa nkhani yomweyi, ndipo amakhudza ngakhale alendo ochokera kunja kwa sukulu ndi mapepala amene amasiya. Tsono wina anganene kuti agalu si ndale. Koma nkhani imene inakanganitsa nyumba ziwiri za malamulo, imene chipani cha Labour chinailemba mu manifesito ya 2024 kuti chidzaletsa trail hunting, ingakhale bwanji yosakhala ya ndale? Imeneyi ndi ndale yeniyeni, yangovala jekete yofiira.

Chinanso muganize: mwana wa zaka 7 sasiyanitsa mlendo ndi mphunzitsi. Aliyense woima kutsogolo kwa kalasi, aphunzitsi ali pambali akumwetulira, kwa iye akunena zoona zokhazokha. Ndimaziona tsiku ndi tsiku. Mwana akhoza kukutsutsa iwe make kuti "ayi, anatero kusukulu." Ndiye sukulu ikatsegulira gulu lina chitseko, yalibwereka ulemu wake wonse.

Bambo a Yami:
Anti, zamalamulozo ndamva. Koma ife amene tikudalira viza ya ntchito, kukangana ndi akuluakulu a m'mudzi si nzeru.

Anti Grace:
Bambo a Yami, mantha anuwo ndikuwamvetsa, tonse tinadutsamo. Koma kufunsa ahedi za zimene mwana wako waphunzira sikukhudza viza ngakhale pang'ono. Sukulu iliyonse imayenera kukhala ndi ndondomeko yolandirira madandaulo, ili pa webusayiti yawo. Umayamba ndi ahedi, zikakanika umalembera ma governor, amene ali ngati komiti ya sukulu kwathu kuja. Azungu amadandaula ngakhale za mtundu wa masokosi. Ifeyo tizingoti zikomo pa chilichonse?

Malume Kachingwe:
Moni nonse kuchokera kuno ku Dedza, sindinatuluke m'gululi ngakhale ndinabwerera kumudzi. Ndakhala ndikuwerenga. Funso langa ndi ili: kodi ife sitinakule tikusaka? Ine uzimba ndinayamba kupita ndili ndi zaka 10. Tikakolola, udzu utauma, akuluakulu amaitana mudzi wonse, agalu patsogolo, ife ana ndi zibonga m'mbuyo. Kalulu akadzambatuka phokoso lake! Mbewa tinkakumba tokha popanda wotiphunzitsa. Lero tikhale ife odana ndi alenje a kwa eni?

Bambo Mbewe:
A Kachingwe, funso lanu ndi labwino, ndipo ndikuyankheni ngati mnzanu wa uzimba. Tikapha gwape, madzulo ake kunkachitika chiyani? Ankagawidwa. Mwendo kwa amfumu, woyamba kulasa ali ndi gawo lake, mwini galu ali ndi lake, ana tinkapatsidwa zam'kati n'kukaotcha. Mudzi unkadya nsima ya ndiwo tsiku limenelo. Mbewa zinkapita pa mpani. Tsono mundiuze, ndani amadya nkhandwe? Kwathu ikalira usiku pafupi ndi nyumba ankati ndi malodza, koma sindinaonepo munthu akuithamangitsa tsiku lonse kuti asangalale. Kuno nkhandwe ikagwidwa imasiyidwira agalu. Kale ankadula mchira n'kupatsa wina ngati mphoto, ndipo mwana amene wapita koyamba ankamupaka magazi ake kumaso. Ameneyo ndi mwambo wodziwika, funsani okalamba a kuno. Cholinga cha tsikulo ndi liwiro la akavalo, kulumpha mipanda ndi kumva agalu akuuwa. Mpaka kubereketsa agalu othamanga kwambiri kunayambira komweko kwa mayi a Tadala, ku Leicestershire, ndi Hugo Meynell wa gulu la Quorn zaka za m'ma 1700. Anali masewera a eni malo kuyambira pachiyambi.

Komanso tisaiwale, a Kachingwe, uzimba wathuwo unatentha mapiri angati? Lero ku Dedza gwape mumamuona kuti?

Malume Kachingwe:
Apo pokha mwanena zoona. Adzukulu anga gwape amamuona m'buku. Kusukulu kwawo kuli kalabu ya zachilengedwe, aja a WESM, bungwe loteteza nyama ndi chilengedwe ku Malawi, ndipo akandipeza ndikutentha tchire amandidzudzula. Sukulu ikanaitana ine kuti ndikaphunzitse ana kuyatsa tchire pofuna mbewa, makolo akanandithamangitsa.

A Phiri a ku Hereford:
Ndabwera kumene kuchokera ku khola, ndawerenga zonse. Ndinene chilungamo pa mbali ina imene sindinaitchule. Abwana anga, ngakhale amadana ndi nkhandwe, alenje a akavalowo sawalola pa malo awo. Chaka china agalu analowa m'munda mmene munali nkhosa za bere, zinabalalika, zina zinakodwa mu waya, ziwiri zinataya ana. Geti anasiya potsegula. Kuyambira pomwepo anawaletsa. Nkhandwe ikavuta amaitana bambo wina wa mfuti amene amabwera usiku, chipolopolo chimodzi nkhani yatha, ndipo amapha imene ikuvutayo. Ndiye ndikamaganiza bwino, kuteteza nkhosa ndi kwina, masewerawa ndi kwina. Koma ndikuumirirabe kuti ana aziphunzira za moyo wa pa famu. Ena kuno sadziwa kuti mkaka umachokera ku ng'ombe.

Mayi a Tadala:
A Phiri, mutabwera inuyo kusukulu ndi kamwana ka nkhosa n'kuwauza ana nkhani ija ya usiku, ndingasaine kalata ndi manja awiri.

Chikondi wa ku Glasgow:
Ine chimene chikundidabwitsa n'chakuti n'chifukwa chiyani akulimbana ndi ana ang'onoang'ono? Bwanji osapita ku sekondale kumene ana angawafunse mafunso?

Anti Grace:
Mmera mpoyamba, mwana wanga. Iwo akudziwa. Masewerawa kuti apitirire pamafunika achinyamata atsopano, ndiponso anthu a m'mudzi amene sadzawatsutsa. Taonani Pony Club, kalabu ya ana okwera akavalo imene inayamba mu 1929: nthambi zake zambiri zimatchedwa ndi maina a magulu a alenje. Mwana amayamba ndi kukonda kavalo, kenako amapezeka ali m'mbuyo mwa agalu. Ndipo malo akuwachepera. National Trust, yosamalira malo ndi nyumba zamakedzana, imene ili ndi malo aakulu m'dziko muno, inasiya kupereka zilolezo za trail hunting mu 2021 mamembala ake atavota. Ku Wales bungwe loyang'anira nkhalango za boma linachitanso chimodzimodzi chaka chomwecho. Zitseko zikamatsekeka chonchi, chitseko cha kasukulu ka m'mudzi chimakhala cha mtengo wapatali.

Limbani:
Koma tisamale mbali inayo. Mnzanga wa kuntchito ali m'gulu la aja osokoneza alenje, ma hunt sabs. Anandionetsa vidiyo pa foni, nkhandwe ikukhadzulidwa. Sindinadye tsiku limenelo. Sindingafune kuti zimenezo akazionetse kwa ana a zaka 7 m'dzina loti amve mbali zonse.

Mayi a Tadala:
Ayi achimwene, inenso sindikufuna zimenezo. Sindikupempha kuti abweretse gulu lina lidzaopseze ana. Ndikungoti pa msinkhu uwu nkhaniyi isalowe m'kalasi kudzera khomo la kuseri. Akakula, aike mbali zonse patebulo, awerenge, atsutsane okha.

Bambo Mbewe:
Akadzakula adzapeza zowerenga zilipo. Boma lisanapange lamulo linatuma Lord Burns kufufuza, lipoti linatuluka mu 2000. Iye sananene kuti letsani kapena musaletse, sinali ntchito yake, koma ananena poyera kuti kuthamangitsidwa ndi kugwidwa ndi agalu kumaizunza kwambiri nkhandwe. Otsutsa ulenjewunso si a dzulo: League Against Cruel Sports inayamba mu 1924, ma sabs a Limbaniwo mu 1963. Ndiye Bambo a Yami, mukamati ndi mwambo wa eni, dziwani kuti eni akewo akhala akukangana okhaokha zaka 100. Ngakhale Theresa May, ali nduna yaikulu, analonjeza mu 2017 kuti aphungu avoterenso lamuloli, koma atamva mmene anthu analandirira anazisiya. Mayi a Tadala akakalankhula sakhala mlendo wonyoza mwambo. Akhala kholo limodzi mwa makolo ambiri a dziko lino amene amaganiza chimodzimodzi.

Bambo a Yami:
Ndamva agogo. Ine mtima wanga sunasinthe kwenikweni, ndimaopabe za m'midzi yaing'onoyi. Koma ngati mukupita mayi, musapite nokha. Pezani kholo lina la komweko.

Anti Grace:
Apo mwalangiza bwino. Mayi a Tadala, chitani chonchi. Lembani imelo yaifupi, yaulemu, musatchulemo mawu oti nkhanza, angotseka makutu. Funsani zinthu zitatu: anavomereza ulendowu ndani, bwanji makolo sanauzidwe, ndipo sukulu inaonetsetsa bwanji kuti ana amva nkhani mosakondera monga lamulo likunenera. Pepala lija lijambuleni mbali zonse ziwiri, makamaka kuseri kuli kuitanako, chifukwa apo ndi pamene phunziro lasanduka kuitanira malonda. Pemphani kuonana nawo maso ndi maso.

Mayi a Tadala:
Zikomo nonse. Ndalemba usiku womwe uno. Pa geti pali mayi wina wachizungu amene timapatsana moni, mwana wake ali kalasi imodzi ndi Tadala. Ndimufunsa mawa.

Mayi a Tadala:
Abale, ndabwera ndi lipoti, papita masiku 6. Mayi uja nditangoyamba nkhani anandigwira mkono. Akuti mphaka wa mchemwali wake anaphedwa ndi agalu a alenje pakhomo penipeni zaka zapitazo, ana akuona, koma iye amaopa kulankhula chifukwa mwamuna wake amakonza mathirakitala a anthu omwewo. Ndiye mantha aja a Bambo a Yami si a ife alendo tokha. Komabe anandiperekeza.

Ahedi anatilandira bwino, anatipatsa tiyi. Poyamba ankati iwo anangoona ngati tsiku loti ana aone agalu, ndipo alenjewo akhala akubwera chaka ndi chaka iwo asanayambe n'komwe ntchito pasukulupo. Nditawaonetsa kuseri kwa pepala anakhala chete kanthawi, akuti sanalione lisanalowe m'zikwama. Ndinawauzanso mawu a Tadala aja oti "aibweza kutchire." Anavula magalasi n'kuwapukuta, sanayankhe msanga.

Avomera kuti kuyambira pano mlendo aliyense akamabwera makolo tizilandira kalata, ndipo pepala lililonse lochokera kunja aziliona kaye iwo. Koma zoti alenjewo asadzabwerenso sanalonjeze. Akuti mmodzi mwa ma governor ndi wa m'gulu lomwelo, ndiye nkhaniyi aipititsa ku msonkhano wawo wa mu Januwale. Atipempha tilembe kalata yoti ikawerengedwe kumeneko. Dzulo pa geti bambo wina amene amandipatsa moni masiku onse anayang'ana kumbali. Zinandikhudza, sindinama. Koma makolo ena awiri abwera okha kudzati aikapo maina awo.

A Phiri a ku Hereford:
Mwalimba mtima mayi. Mukawauze ahediwo kuti ngati akufuna munthu wa pa famu woti akalankhule ndi ana, ndipempha tchuthi kwa abwana. Mu Epulo timakhala ndi tiana ta nkhosa tamasiye toyamwitsa ndi botolo.

Malume Kachingwe:
Nanga mdzukuluyo mwamuuza chiyani?

Mayi a Tadala:
Ndamuuza zoona, malume, mwa msinkhu wake. Ndati agalu aja ndi abwino, alibe mlandu, koma anaphunzitsidwa kuthamangitsa nkhandwe, ndipo akaigwira imafa. Analira pang'ono, kenako anafunsa ngati a Phiri amalira nkhosa zawo zikagwidwa, chifukwa nkhani yanu ija ndinamufotokozeranso. Ndati eya. Pepala lija wadula ndi sizasi, wasunga mbali ya agalu n'kumata pa firiji. Lero m'mawa ndamupeza ali pa windo ndi bulangete paphewa, ya khutu long'ambika ija inali pa udzu ikunyambita phazi.

Anti Grace:
Kalata ya ma governor ija mundiponyere ku inbox musanaitumize, tiionere limodzi Lamlungu tikaweruka ku tchalitchi. Muikemonso dzina la mayi uja ngati avomera, ndi za a Phiri za mu Epulozo.